Kodi nyimbo ya Adiemus ndi ya chilankhulo chanji, nanga tingaiimbe m'tchalitchi?

Funso: Ndimaphunzitsa kwaya ya amayi pampingo pathu. Mwana wanga ananditumizira pa WhatsApp nyimbo ina yotchedwa Adiemus, ndipo amayi atangoimva akuti tiiphunzire basi. Vuto lili pa mawu ake. Ena akuti ndi Chizulu, ena akuti ndi Chilatini, mwana wangayo akuti anaimba ndi Enya. Ine ndamvetsera mpaka foni kutha moto koma sindikutolapo kanthu. Kodi ndi chilankhulo chanji, gulu loimbalo ndi la kuti, nanga n'zololedwa kuiimba m'tchalitchi?

Yankho:

Aphunzitsi, makutu anu ali bwinobwino. Simukutolapo kanthu chifukwa mulibemo choti n'kutola. Mawu a nyimbo imeneyi si Chizulu, si Chilatini, ndipo palibe mtundu wa anthu padziko pano umene umalankhula choncho. Anachita kuwapeka munthu mmodzi, Karl Jenkins wa ku Wales, ndipo anawapeka dala kuti asakhale ndi tanthauzo. Iye ankafuna kuti pakhosi pa munthu pagwire ntchito ngati chida choimbira, monga chitoliro kapena vayolini, omvera asatanganidwe ndi uthenga koma angomva kukoma kwa mamvekedwe.

Adiemus ndi dzina la nyimboyo komanso la gulu lonselo, ngakhale kuti kunena kuti gulu n'kungolemekeza. Poyambirira sikunali gulu loti mungalipeze likuyeserera Lachinayi masana ngati amayi anuwo. Inali ntchito ya mu situdiyo ku London. Jenkins, yemwe anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Penclawdd, anakulira m'nyimbo za m'tchalitchi popeza bambo ake ankaliza limba ndi kuphunzitsa kwaya. Anaphunzira nyimbo ku yunivesite ya Cardiff ndi ku Royal Academy of Music, kenako n'kulowerera mu jazi. Anaimba m'gulu la Nucleus, ndipo mu 1972 analowa gulu la Soft Machine. Atachoka kumeneko anayamba kudyera nyimbo zotsatsira malonda pa TV, pamodzi ndi mnzake wa ku Soft Machine, Mike Ratledge. Mu 1994 kampani ya ndege ya ku America, Delta Air Lines, inafuna nyimbo yotsatsira maulendo ake, ndipo mpamene Adiemus inabadwira. Anthu ataikonda, Jenkins anawonjezera zina n'kukwana nyimbo 9, ndipo mu 1995 anatulutsa chimbale cha Songs of Sanctuary.

Mbiri ya kampani ya ndegeyi musaione ngati nkhani yongodutsa, chifukwa ndi imene ikufotokoza chilichonse. Kampani yonyamula anthu kupita nawo m'mayiko osiyanasiyana imafuna nyimbo yomveka ngati ya kutali, koma yosaloza dziko lililonse. Ikakhala ya Chizulu, Mjapani aona ngati si yake. Ikakhala yopanda chilankhulo, aliyense aganiza kuti ndi ya anthu ena ake okhala kutsidya, ndipo palibe angadandaule. Amayi anuwo akutsutsana chifukwa nyimboyo inapangidwira zomwezo.

Tsopano mverani bwino kolasi ija, pamene pamamveka ngati chikhamu cha amayi chadzuka nthawi imodzi. Mbali yaikulu ya chikhamu chimenecho ndi mayi mmodzi. Dzina lake ndi Miriam Stockley, wobadwira ku Johannesburg mu 1962, yemwe anasamukira ku London ali mtsikana n'kumagwira ntchito yothandizira oimba ena m'masitudiyo. Ankamujambula akuimba mzere umodzi, n'kumujambulanso akuimba womwewo, kenako wa alto, kenako wina wapansi, kambirimbiri, n'kusanjikiza zonsezo. Mayi wina, Mary Carewe, anawonjezera mawu ake kuti kolasiyo iwale kumwambaku. Pansi pawo pali zoimbira za zingwe za London Philharmonic Orchestra, ng'oma ndi zogogoda zina, ndiponso chitoliro chija chimalira chokha pakati. Ndiye mukuona kuti muli zinthu zitatu zophikidwa mumphika umodzi: mavayolini oyenda mwadongosolo la nyimbo zakale za ku Ulaya, kaimbidwe ka kwaya, ndi zokometsera zotapa uku ndi uku, ku Africa, kwa Aselote a kwawo kwa Jenkins, ngakhalenso ku South America.

Nanga n'chifukwa chiyani khutu la Mchewa limaimva ngati ya pafupi? Pali zifukwa ziwiri zimene ine ndimaziona, ndipo choyamba chili m'kamwa mwathu momwemu. Tchulani pang'onopang'ono mawu akuti "madzi", "kumudzi", "tiyamike". Phatikizo lililonse likuthera pa a, e, i, o kapena u. Chichewa sichitseka mawu ndi lilime kapena milomo ngati mmene Chingelezi chimachitira. Jenkins popeka mawu ake anatsata njira yomweyi, maphatikizo ambiri otseguka, chifukwa ndi amene amalola mawu kutuluka osadukiza. Chizulu, Chiswahili, Chijapani ndi zilankhulo za kuzilumba za Pacific zimayendanso chonchi. N'chifukwa chake anthu a m'madera onsewa akaimva amati yayandikira kwawo. M'chimbale chomwecho muli nyimbo ina yotchedwa Kayama. Mutauza munthu kuti limeneli ndi dzina la mudzi wina ku Kasungu, sangakutsutseni.

Chachiwiri ndi katulutsidwe ka mawu. Woimba wa opera amazunguliza mawu m'kamwa n'kumawanjenjemeretsa. Jenkins anakana zimenezo. Anafuna mawu owongoka, osanjenjemera, otuluka mwamphamvu kuchokera pachifuwa, monga aimbira amayi pachinkhoswe kapena pamtondo. Ndiponso mawu atatu a m'kolasi amayendera limodzi, wapamwamba akakwera onse akwera, akatsika onse atsika. M'masukulu a nyimbo a ku Ulaya wophunzira akachulutsa zimenezi amamudula malikisi, pomwe kwa ife ndi mmene amayi amagwirira nyimbo popanda wowauza. Stockley anakulira ku South Africa akumva kaimbidwe kameneka, ndiye sanavutike kukatulutsa.

Amene akuti ndi Chizulu ndikuwamvetsa. Chaka chomwecho cha 1994 kunatuluka filimu ya The Lion King, imene imayamba ndi mawu a Lebo M, ndipo amenewo ndi Chizulu chenicheni. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Amene akuti ndi Chilatini nawonso sanaphonye patali, chifukwa mitu ya nyimbo zina m'chimbalecho, monga Cantus Iteratus ndi In Caelum Fero, ndi ya Chilatini, ndipo dzina loti Adiemus limamveka ngati la m'buku la Misa. Koma ndi mitu chabe, zoimbidwazo ayi. Za Enya mwana wanu wangotengera cholakwika chakale. Enya ndi wa ku Ireland, nayenso amasanjikiza mawu ake omwe kambirimbiri, ndiye nyimbo zitayamba kugawidwa pa intaneti anthu ankangolemba dzina lake pa chilichonse chomveka motero. Mpaka lero cholakwikacho chikuyendabe m'mafoni.

Maganizo anga pa nyimboyi ndi awiri, ndipo sindibisa. Ndi ntchito ya mmisiri. Munthu amene wakhala zaka akupeka nyimbo za masekondi 30 amadziwa kukola mtima msanga, ndipo kolasi ija ikafika ngakhale ine tsitsi limandiimirira. Koma Africa amene ali mmenemo ndi Africa wopanda mudzi, wopanda mfumu, wopanda maliro kapena ukwati umene nyimboyo ikuperekeza. Zili ngati chitenje chojambulidwa ng'oma ndi zikopa koma chosindikizidwa kufakitale ya kutsidya kwa nyanja: n'chokongola, chimavalika, koma simungafunse kuti ng'omayo ndi ya gule uti. Mawu oti "world music" amene amaikamo nyimbo zoterezi nawonso ndi a malonda. Anagwirizana ndi eni makampani a zimbale pamsonkhano wina ku London mu 1987, pofuna kupeza shelefu yoikapo nyimbo zonse zosakhala za Azungu.

Komabe pali mlandu umodzi umene Jenkins alibe. Sanabe nyimbo ya munthu. M'zaka zomwezo gulu la Enigma linatchuka ndi nyimbo ya Return to Innocence, momwe munali mawu a nkhalamba ziwiri za mtundu wa Amis ku Taiwan, Difang ndi mkazi wake Igay Duana. Eni akewo sanadziwe n'komwe kuti mawu awo akuzungulira dziko lonse mpaka nyimboyo inagwiritsidwa ntchito potsatsa masewera a Olympics a mu 1996 ku Atlanta. Nkhaniyo inafika kukhoti ndipo anakaithetsera kunja. Jenkins popeka chilankhulo chakechake anazemba dzenje limenelo, ngakhale kuti mamvekedwe anabwereka ndithu.

Popeza amayi anu akopeka ndi nyimbo zosakaniza chonchi, ndikufuna muwapezere ina imene kwa ine ndi yolemera kuposa Adiemus, ndipo ndi yakale kuiposa ndi zaka zoposa 30. Dzina lake ndi Missa Luba. Wansembe wina wa ku Belgium wa chipani cha Afransisko, Guido Haazen, anali ku Kamina m'chigawo cha Katanga ku Congo. Kumeneko anasonkhanitsa anyamata a sukulu pafupifupi 45 ndi aphunzitsi awo 15 n'kupanga kwaya yotchedwa Les Troubadours du Roi Baudouin. Mmalo mowaphunzitsa chuni cha ku Ulaya, anawapempha kuti atenge mawu a Misa ya Chilatini n'kuwaika pa nyimbo zakwawo. Kyrie, pemphero lija lopempha chifundo, analiika pa kasala, kaimbidwe ka Aluba kolirira. Hosana anamuika pa gule wa ku Kasai. Wotsogolera, Joachim Ngoi, ankayambitsa n'kumapotoza mzere mmene mtima wamuuzira, anzake n'kumavomera, ng'oma zikulira pansi. Poyamba sinalembedwe n'komwe papepala, inangomera poyeserera. Anaijambula mu 1958, chaka chomwe kwayayo inapita kukaimba ku Ulaya pa chionetsero chachikulu cha ku Brussels. Kumbukirani kuti apa n'kuti msonkhano wa Vatican II, umene unatsegulira zilankhulo ndi nyimbo za eni dziko m'Misa, usanayambe, ndipo Congo inali isanalandire ufulu.

Taonani kusiyana kwake. Mu Missa Luba mawu ndi achilendo koma ali ndi tanthauzo, chuni ndi cha eni ake, ndipo mungathe kuloza kuti apa akulira, apa akuvina. Mnyamata wa ku Kamina poimba Kyrie pa nyimbo ya maliro ankadziwa chimene akuchita: kupempha chifundo pa chuni chomwe amayi ake amalirira. Mu Adiemus mawu alibe mwini, chuni chilibe mudzi. Zonse ziwiri n'zosakaniza, koma wina wasakaniza zinthu zimene akuzidziwa mayina, wina wasakaniza fungo lake lokha.

Chitsanzo china chapafupi ndi chimbale cha Pieces of Africa cha mu 1992, cha gulu la zingwe la ku America la Kronos Quartet. Iwowa anachita kupempha opeka nyimbo a mu Africa kuti awalembere, mayina awo n'kulembedwa pachikuto. Mmodzi mwa iwo anali Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, katswiri wa mbira, bambo wake wa woimba uja Chiwoniso. Iye anapeka Mai Nozipo pokumbukira mayi ake, ndipo mu Kutambarara muli mavayolini, mbira ndi kwaya ya uthenga wabwino ya ku Oakland, zonse pamodzi.

Tibwere ku funso lanu lomaliza, la m'tchalitchi. Adiemus si nyimbo yauzimu ndipo si nyimbo yachikunja. Mulibe pemphero, mulibe matsenga, mulibe mawu obisika oti mukawatembenuza atuluke zina, monga ena amaopsezera pa Facebook. Jenkins analembadi nyimbo zachipembedzo, yodziwika kwambiri ndi The Armed Man, Misa yopempherera mtendere imene inaimbidwa koyamba ku Royal Albert Hall mu 2000 pokumbukira ovutika pankhondo ya ku Kosovo. Koma Adiemus si imodzi mwa izo, ngakhale kuti mutu wa chimbale chake umamveka ngati wa kumalo opatulika.

Ine ndinaphunzira nkhaniyi mochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndinapemphedwa kuthandiza kwaya ina ya amayi kukonzekera chikondwerero, ndipo ndinabwera ndi nyimbo yomweyi nditalemba mawu ake pabolodi. Tinayenda bwino mizere iwiri. Kenako mayi wina wachikulire wa ku alto, amene nthawi yonseyi anangopinda manja osatsegula pakamwa, anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, tisanapitirire, zimenezi zikutanthauza chiyani?" Ndinayankha monyadira kuti sizitanthauza kanthu. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye ndikaima kutsogolo kuja ndizikamuuza chiyani Mulungu?" Anzake anaseka, ine ndinasowa chonena. Ndinayesa kuwakumbutsa kuti ngakhale nyimbo zathu zili ndi ma "eee" ndi ma "yaya" opanda tanthauzo, ndiponso kuti nthungululu si mawu. Iwo anati inde, koma "eee" amabwera pambuyo pa mawu amene wanena kale, ndipo nthungululu umaimba ukudziwa chimene chakukondweretsa. Mayiwo ankanena zomwe Paulo analembera Akorinto, zoti poimba pafunika mzimu ndi nzeru zomwe.

Choncho langizo langa ndi ili. Pa konsati, pa chikondwerero cha makwaya, pa phwando la ukwati kapena potolera ndalama za chitukuko, iimbeni ndi mtima wonse. Pakati pa mapemphero, pamalo pamene nyimbo ikuyenera kunyamula pemphero la mpingo, ine sindingaiike. Koma mwini guwa si ine. Kafotokozereni abusa ndi akuluakulu a mpingo zoona zake, kuti ilibe tanthauzo ndipo inayamba ngati yotsatsira ndege, iwo agamule akudziwa. Choipa n'kuwauza kuti ndi Chilatini chotamanda Mulungu, tsiku lina mwana wa sukulu adzawaulule.

Mukagwirizana zoiphunzira, pali zinthu zingapo zoti zikupulumutseni ku mkwiyo. Choyamba, musayembekezere kuti amayi 30 amveke ngati mu foni muja. Muja ndi khosi limodzi lobwerezedwa, ndiye "a" aliyense ndi wofanana, mpweya amakokera pamodzi, amathera pamodzi, kuwonjezera apo makina a mu situdiyo anathiramo mang'ombe kuti zimveke ngati m'chinyumba chachikulu cha miyala. Ngakhale Jenkins mwini wake, pofuna oimba enieni ambiri m'zimbale zotsatira, anachita kukatenga amayi ophunzitsidwa bwino a ku Finland. Amayi anu adzamveka mokhuthala ndi mosiyanasiyana, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Chachiwiri ndi chimene chinandidabwitsa ine pa kwaya ija. Atangomva kuti nyimboyo ndi ya kunja, amayi anayamba kuimba ndi timawu tapamwamba tonyengerera, tija amaimbira nyimbo za m'buku akafuna kumveka ngati Azungu. Inamveka ngati tikuperekeza maliro. Ndinawaimitsa n'kuuza mayi mmodzi kuti aitane mwana wake ngati ali kutsidya kwa dambo. Anaitana, mawu anagunda khoma. Ndinati kolasi muiimbe ndi mawu amenewo. Kubwereza kamodzi kokha, nyimbo inadzuka. Zinali zoseketsa ndithu: mayi wa ku London ankayesetsa kuimba ngati iwo, iwo n'kumayesetsa kuimba ngati mayi wa ku London. Vesi yokha ndiyo imafuna kufewa, pafupifupi monong'ona, kuti kolasi ikabwera kusiyanako kumveke. Mukayamba mokuwa mulibenso kokwera.

Kagundidwe kake n'kowerenga katatu, modekha. Woimba ng'oma wanu manja adzamuyabwa kuti athamangitse n'kuponyamo zokometsera, mugwireni. Ng'oma imodzi yaikulu yogunda pansipansi ndi maseche opepuka n'zokwanira. Wa kiyibodi asayatse zija zimadziimba zokha, asankhe mawu a zingwe n'kumagwira manotsi aatali. Pamalo pa chitoliro, ngati palibe wochidziwa, mayi mmodzi wa mawu oyera aimbe mzerewo ndi "u" yekha. Nyimboyi inalembedwera mawu a amayi, soprano ndi alto ogawikana, ndiye kwaya yanu ikuyenerera popanda kubwereka abambo. Amene ali ndi makwaya osakanikirana angapeze makonzedwe a mawu onse anayi, ndipo mu 2017 Jenkins anatulutsa Symphonic Adiemus ya kwaya yotero.

Pomaliza pali nkhani ya umwini. Jenkins nyimbo zake zimasindikizidwa ndi kampani ya Boosey & Hawkes, ndipo manotsi ake amagulitsidwa. Kuphunzira ndi khutu n'kuimba pakati panu palibe angakuvutitseni, koma mukafuna kuijambula, kuiika pa YouTube kapena kulipiritsa pakhomo, yambani mwafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo m'Malawi. Ndikudziwanso kuti wina m'kwayamo adzabwera ndi nzeru yoti tingoikamo mawu a Chichewa otamanda Mulungu, vuto lithe. Kusintha mawu a nyimbo ya mwini kumafuna chilolezo chake, ndipo kupatula apo Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwakekwake. Mawu oti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika timawasiyanitsa ndi kamvekedwe basi, ndipo phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto timalikoka. Mukakakamiza mawu athu pa chuni chimene sichinawaganizire, mumapeza zija zili m'nyimbo zina zomasuliridwa za m'buku, pamene mpingo wonse umakoka phatikizo lolakwika ndipo tinangozolowera. Ngati amayi akufuna nyimbo yokhala ndi mphamvu ya Adiemus koma yonena kanthu, chitani zimene anachita anyamata a ku Kamina. Funsani mayi wamkulu kwambiri m'kwayamo akuimbireni nyimbo ya pamtondo kapena yotonthoza mwana imene ankaimba agogo ake. Sankhani vesi la m'Masalimo limene maphatikizo ake akugwera bwino pa chunicho, muyambe motsitsa ndi munthu mmodzi, kiyibodi igwire manotsi aatali pansi, kenako onse alowe ndi mawu a kudambo aja.